Ana a Eni Ake, Mkangano Wathu

Kumapeto kwa June, pamene mphepo yachisanu ikuulutsa fumbi mu Cairo Road ndipo aliyense wadzikulunga m'jekete ya salaula, mu Lusaka mumabuka akatswiri a basketball ochuluka kuposa mabwalo a masewerawo. Ambiri mwa iwo mpirawo sanaugwirepo chibadwire. Chowadzutsa ndi mwambo wa ku America umene matimu 30 a NBA amagawana anyamata atsopano, womwe amautcha draft. Ku Brooklyn umayamba cha m'ma 8 koloko usiku, kuno ili 2 koloko, ndiye amene amauonera ndi alonda, anamwino a usiku ndi anyamata ogula mabandulo otchipa a pakati pa usiku. Enafe timaumva kutacha, utadutsa kale pakamwa pa anthu angapo, aliyense atathirako mchere wake.

Chimene chimatenthetsa mitu ndi sukulu. Anyamata otchulidwa koyambirira usiku umenewo ambiri amakhala atangotha chaka chimodzi ku yunivesite, n'kutseka mabuku, n'kuvala suti, n'kukagwirana chanza ndi Adam Silver, mkulu wa ligiyo. Ndiye funso limazungulira tauni yonse, kuchokera pa Kulima Tower mpaka kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Kabulonga: mwana asiye sukulu chifukwa cha mpira, kapena ayambe wamaliza? Anawo si athu, ndipo palibe anatifunsa. Koma mu Lusaka mlandu susowa oweruza.

M'kashopu kena kometera ku Kabwata, kuseri kwa msika, wometa anali ataugamula kale. Iye anamva kuti ku America kuli lamulo loti mwana wamtali asamalize sukulu. Pampando panali aphunzitsi opuma pantchito, mutu atawameta mbali imodzi, ndipo nthawi yomweyo magetsi anathima, makina n'kuima. Aphunzitsiwo, nsalu ili m'khosi, imvi zili mbuu paphewa, anazindikira kuti apeza kalasi yoti singathawe, pakuti onse a pabenchi anali kudikira mpando womwewo.

"Iwe mwana, khala chete umve," anatero. Lamulolo linayamba kugwira ntchito mu 2006. Limati wofuna kulowa mu draft akwanitse zaka 19 m'chaka chimenecho, ndipo ngati sekondale anaphunzira ku America, papite chaka chimodzi chimalizireni anzake a kalasi imodzi. Kale kunalibe zimenezo. Kevin Garnett mu 1995, Kobe Bryant mu 1996 ndi LeBron James mu 2003 anachoka ku sekondale n'kulunjika ku NBA. Eni matimu anatopa kutaya ndalama pa ana amene sanawaone bwinobwino, ndiye anaika chaka chodikira. Koleji lamulolo silitchula n'komwe. Kungoti mnyamata ayenera kukhala penapake chaka chimenecho, ndipo kumene kuli makochi odziwika ndi makamera a TV ndi ku koleji. Amalembetsa mu August, amasewera kuyambira November mpaka March kapena April, amalembera NBA kalata kusanatsale masiku 60 kuti draft ichitike, basi wapita.

"So ba ticha," anatero wometa, "iyo koleji ni siteshoni chabe, poyembekezera basi?"

Aphunzitsi sanatsutse. Anangowonjezera kuti Cooper Flagg, amene anasankhidwa woyamba mu June 2025, usiku umenewo anali ndi zaka 18, chifukwa zaka 19 zake zinali kudzakwana pa 21 December, kutangotsala pang'ono kuti chaka chithe. Lamulo limawerenga kalendala, siliyang'ana ndevu. Wometa anakondwa nazo zimenezi. Anati n'chimodzimodzi kulikonse, ngakhale ku America zaka amazikoka.

Ku Woodlands nkhani ya sukulu sinakhalitse. Madala okhala pafupi ndi Woodlands Stadium anagwira mfundo ina, yoti mu NBA matimu amene achita moipa ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu wosankha poyamba. Ochemerera City of Lusaka, timu imene yakhala ikukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri, anati lamulo limeneli likanabwera kuno, bwenzi City ya Moto ili ndi Barcelona yakeyake. Wina anawakumbutsa kuti pamakhala mayere, ndipo mu 2025 mayerewo anagwera Dallas, imene mwayi wake unali 1.8 peresenti yokha. Anyamata a m'mashopu obetchera atamva nambala imeneyi analimba mtima, n'kubwerera kukayesanso.

Mkangano wokoma unali mu minibasi ya ku Chelstone. Titadutsa Manda Hill, mnyamata wina wa ku UNZA, amene anaonetsetsa kuti tonse tadziwa kuti akuphunzira zamalamulo, anayamba kufotokoza kumene zonsezi zinachokera. Chisanafike chaka cha 1971, NBA sinkalola munthu kusewera zisanathe zaka zinayi chimalizireni sekondale. Amene anagwetsa mpanda umenewo ndi Spencer Haywood, mwana wa m'banja losauka la ku Mississippi, amene amai ake ankathyola thonje m'minda ya anthu. Anapambana mendulo ya golide ku Olympics ya 1968 ku Mexico City, anasiya University of Detroit osamaliza, anasewera ku Denver mu ligi ina yopikisana ndi NBA, kenaka timu ya Seattle inamusainitsa. NBA inati sizitheka. Mlandu unakwera mpaka kukhoti lalikulu la dziko la America, ndipo mu March 1971 khotilo linamulola kusewera.

Mpaka apa anthu anali kumvera ndi khutu limodzi. Chimene chinadzutsa basi yonse ndi chotsatira chake. NBA itagonja, inakonza lamulo loti wofuna kusiya koleji msanga aonetse umboni woti kwawo kuli umphawi. Panali kulemba ndithu, kufotokoza mavuto a pakhomo, akuluakulu n'kuona ngati mavutowo akukwana. Lamulo limeneli linakhalapo mpaka mu 1976.

Kondakitala, amene anali atapinda msana pachitseko, ndalama zamapepala atazipinda pakati pa zala, anatembenuka. "Ati fomu ya umphawi? Boi, nipase nisaine apa pamene." Amai ena kumbuyo, atanyamula thumba la kapenta pamiyendo, anati iwo safuna n'komwe fomu, akuluakuluwo angobwera adzaone bajeti yawo ya mwezi uno. Bambo wina wa tayi anati fomu yotereyo itafika ku Lusaka, mzere wake ungayambire pa Findeco House n'kukathera ku Kafue, ndipo oyamba pamzerewo angakhale anthu a magalimoto awiri. Dalaivala sanalankhule kanthu, koma anaseka mpaka kupitirira siteji ya munthu.

Ineyo ndimaona kuti lamulo la umphawi lija, ngakhale linali lochititsa manyazi, linkanena zoona kuposa malamulo onse amene anabwera pambuyo pake. Linkavomereza poyera kuti funso loti mwana adikire kapena apite limayankhidwa ndi mphika wa kwawo. Mukamvetsera bwino mikangano ya mu Lusaka, mupeza kuti maganizo a munthu pa nkhaniyi mungawalosere mutangodziwa basi imene amakwera, kapena ngati amakwera basi n'komwe.

Pitani ku Kabulonga mukamve. Kumeneko, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, amai ena anati mwana wawo, ngakhale atatalika mpaka kugunda denga, digiri ayamba wabweretsa pakhomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero, anzawo n'kuvomera ndi mitu. Chitsanzo chawo ndi Dikembe Mutombo wa ku Congo, amene anapita ku Georgetown ndi maganizo odzakhala dokotala, anamaliza maphunziro ake mu 1991, anasankhidwa wachinayi ndi Denver, anasewera zaka 18, ndipo anamanga chipatala ku Kinshasa chotchedwa dzina la amai ake, Biamba Marie. Apo palibe angatsutse. Munthuyo anamwalira mu September 2024 akulemekezedwa dziko lonse. Koma kuti aopseze ana awo amatchulanso Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, amene Memphis inamusankha wachiwiri mu 2009, n'kulephera kukwaniritsa zimene anthu ankayembekezera. Amati mwaona zotsatira za kuthamanga. Chimene satchula n'chakuti Thabeet anakhala zaka zitatu ku Connecticut, kuposa anyamata ambiri a masiku ano, pamene Joel Embiid wa ku Cameroon anakhala chaka chimodzi chokha ku Kansas, n'kusankhidwa wachitatu mu 2014 phazi lili lothyoka, ndipo mu 2023 anapatsidwa ulemu wa wosewera wopambana onse mu ligi. Kudekha n'kwabwino, koma kumagulidwa, ndipo ku Kabulonga ndalama yake ilipo.

Ku Chelstone, kufupi ndi thanki ya madzi ija imene aliyense amalozera alendo njira, basketball anaikankhira pambali msanga. Kumeneko anati tisiye za ana a ku America, tikambe za athu, pakuti nafenso tili nawo ochoka msanga, kungoti athu amamenya ndi mwendo. Kochi wina wa ana, amene timu yake imaphunzirira pabwalo la fumbi, magoli ake ali miyala iwiri, anakumbutsa anthu za 12 March 2017, tsiku limene anyamata a zaka zosapitirira 20 anagonjetsa Senegal 2-0 pa Heroes Stadium n'kutenga chikho cha Africa. Patson Daka, amene anagoletsa chimodzi mwa zigolizo, anali ndi zaka 18 ndipo anali atayamba kale kusewera ku Austria. Enock Mwepu anamutsatira chaka chomwecho. Onse awiri anadzera ku Kafue Celtic n'kukakulira ku Red Bull Salzburg, ndipo mu 2021 Daka anapita ku Leicester City, Mwepu ku Brighton.

Mu mpira wathu wa miyendo mulibe draft, anatero kochiyo. Timu imagula kwa timu inzake. Chotchinga chilipo chimodzi chachikulu: FIFA imaletsa kusamutsa mwana kupita naye dziko lina asanakwanitse zaka 18, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga makolo akasamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Ndipo wosewera akagulitsidwa kunja ali pa kontrakiti, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Pofika pa 5 peresenti imeneyi mawu a kochi anafewa, maso ali pa kamnyamata kena kopanda nsapato kamene kanali kutola mipira. Mnzake anamufunsa ngati timu yakeyo inalembetsedwa ku FAZ, bungwe loyendetsa mpira mu Zambia. Kochi anayamba kukamba za nyengo.

Dzina la Mwepu ndilo limavuta, chifukwa mbali zonse ziwiri zimalitenga ngati mboni yawo. Mu October 2022, ali ndi zaka 24, madokotala anamupeza ndi vuto la mtima lobadwa nalo, ndipo anasiya kusewera pomwepo. A ku Kabulonga amati mwaona, mpira umatha tsiku limodzi, satifiketi siitha. A ku Chelstone ndi ku Kabwata amati mwaona, akanati adikire zaka zinayi ali m'kalasi, mtimawo ukanamupeza asanalandire kalikonse, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Onse amanena mokhudzidwa, onse amamukonda mnyamatayo, amene ankamutcha Computer chifukwa cha mmene ankawerengera masewera. Brighton inamupatsa ntchito yophunzitsa ana ang'onoang'ono pa akademi yake. Pa mkangano uwu sindinaonepo wina atasintha maganizo.

Pali mbali imodzi ya malamulo a ku America imene tauni yonse imailumpha, chonsecho ndi imene ine ndimaisirira. Mnyamata akhoza kulemba kalata yolowa mu draft, n'kupita ku Chicago mu May kumene matimu amawayeza msinkhu, liwiro, mawondo ndi mtima, n'kumva kwa eni ake kuti akumuona bwanji. Akauzidwa kuti sanapse, ali ndi masiku 10 chithereni mayesowo oti achotse dzina lake n'kubwerera ku koleji, malo ake ali pomwepo, ufulu wosewera uli pomwepo. Bungwe la masewera a m'makoleji, NCAA, linakhazikitsa zimenezi mu 2016, ndipo patapita zaka zochepa linalolanso kuti mnyamata afunsire nzeru kwa ejenti wovomerezeka popanda kutaya malo ake. NBA imalola munthu kuchotsa dzina kawiri. Chifukwa chake n'chomveka. Malo ndi 60 okha pa chaka. Osankhidwa 30 oyambirira amalandira kontrakiti yotsimikizika ya zaka ziwiri, otsatirawo amachita kukambirana, ndipo amene waumirira mpaka tsiku lomaliza n'kusatchulidwa, nthawi zambiri amapezeka alibe timu, alibenso koleji.

Kuno khomo lobwererera lotere palibe analikonza. Mnyamata wa Grade 10 akauzidwa ndi munthu wa foni ziwiri kuti ku Ulaya kuli mayeso, amasiya sukulu lero, amalume n'kugulitsa puloti kuti tikiti ipezeke. Zikakanika amabwera mwakachetechete, anzake atalemba kale mayeso a Grade 12, ndipo chomutsalira ndi kukalembetsa GCE pamodzi ndi azibambo. Za anyamata otere m'minibasi simukambidwa, chifukwa maina awo palibe amawadziwa. Timadziwa Daka. Sukulu za boma zakhala zaulere kuyambira mu 2022, zimene zachotsa chifukwa chimodzi chosiyira sukulu, koma munthu wa foni ziwiri uja akadali pa geti.

Chodabwitsa n'chakuti ku America komweko anyamata ayamba kusafulumira. Mu 2021 amene analemba makalata olowa msanga anali 353. Mu 2025 anali 106. Sikuti mwadzidzidzi akonda laibulale. Kuyambira mu July 2021 wosewera wa ku koleji amaloledwa kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina lake, ndipo kuyambira mu 2025 makoleji akuluakulu amaloledwa kulipira okha osewera awo, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu imodzi m'chaka choyambacho. Wosewera wabwino amene sakutsimikiza kuti alowa m'gulu la 30 oyambirira amapeza kuti kukhala pa sukulu kukulipira kuposa kuchoka. Nditafotokoza zimenezi kwa amai a ku Kabulonga aja, anakhumudwa pang'ono. Ankafuna kuti anawo akhale chifukwa cha nzeru.

Ophunzira a ku UNZA ndiwo anaseka kwambiri. Iwo ndalama yodyera anailandidwa mu 2019, n'kudzabwezeredwa mu 2023 pambuyo pa kudandaula kwa zaka, ndiye kumva kuti kwina wophunzira amalipidwa mamiliyoni kuti asachoke pa sukulu kunawapweteka m'nthiti. Wina anati iye ali wokonzeka kubwereza chaka chachiwiri mpaka kukalamba. Chonsecho basketball pa sukulupo ilipo ndithu. UNZA Pacers ndi timu yodziwika, ndipo iyo pamodzi ndi Matero Magic ndi Munali Suns zinayesapo mipikisano yolowera mu Basketball Africa League, ligi imene NBA ndi FIBA anayambitsa mu 2021 ku Kigali. Njira yochokera kuno kukafika ku Brooklyn ndi yaitali, koma si yongopeka. Khaman Maluach anabadwira ku South Sudan, anakulira ku Kawempe mu Kampala ngati wothawa nkhondo, anatengedwa ndi NBA Academy Africa ya ku Saly m'dziko la Senegal, anasewera mu ligi ya Africa ija akadali mwana, anakhala chaka chimodzi ku Duke, ndipo mu 2025 anasankhidwa wa nambala 10 n'kupita ku Phoenix. Kawempe sisiyana kwenikweni ndi Matero. Chimene mnyamatayo ali nacho chimene ambiri a ku Matero alibe ndi msinkhu wa mamita oposa awiri, ndipo umenewo ngakhale ku malo a masewera a OYDC saphunzitsa.

Nkhani ya zaka sinalephere kubweranso. Pa City Market wina anafunsa kuti zaka 19 zimenezo amawerengera pa chiyani, pa reji kapena pa nkhope? Anthu anaseka kuseka kwa odziwa kanthu. Mu mpira wa mu Africa muno muli zaka zobadwa nazo ndi zaka zosewerera, ndipo n'chifukwa chake CAF imajambula mafupa a padzanja ndi makina a MRI pa mipikisano ya ana osapitirira zaka 17. Wogulitsa malamba wina anati ku America mwana amafuna kuoneka wamkulu kuti alowe msanga, kuno bambo amafuna kuoneka mwana kuti asatuluke. Anati atapatsidwa mpata angawagwirizanitse awiriwo, asinthane mapepala.

Amene anatseka pakamwa amuna onse ndi azimai a ku Soweto Market, ogulitsa tomato ndi impwa. Anati inu mukulimbana ndi draft, kodi Barbra Banda anasankhidwa ndi ndani? Mwana wa mu Lusaka momwemuno, anapita ku Spain mu 2018 ali ndi zaka 18, kenaka ku China, ndipo mu March 2024 Orlando Pride inamugula pa madola 740,000. Mu November chaka chomwecho anagoletsa chigoli chimene chinapatsa timuyo chikho cha ligi ya ku America. Mwezi umodzi Barbra asanasamuke, Bay FC inali itagula Racheal Kundananji pa mtengo umene panthawiyo unali waukulu kuposa wa mkazi aliyense wosewera mpira pa dziko lapansi. Amai ena a ku Chipata anawonjezera Temwa Chawinga wa ku Malawi, amene anagoletsa zigoli 20 ku Kansas City mu 2024, ndipo anamuwerengera ngati wawo, ati malire anaika ndi azungu. Mnyamata wina wokankha wilibala anaponyapo yake, yoti ligi ya azimai ya ku America imeneyo inathetseratu draft mu August 2024, moti mtsikana wochoka ku koleji tsopano amasankha yekha timu imene akufuna. Azimaiwo sanadabwe. Anati zinthu zikafika m'manja mwa akazi zimalongosoka.

Mmodzi wa iwo, akuthira madzi pa repu kuti asafote, anandiitana. "Imwe atate, mumalemba m'nyuzi? Mdzukulu wanga ali Grade 9, nsapato avala saizi 12, pa salaula ponse sizipezeka. Muwauze a Silver kuti ngati amufuna abwere, tikambirana. Koma ayambe atumiza nsapato."